Nditero ndi Belu Lolira Kawiri

Mabelu a njinga makumi anayi. Ndiwo katundu woyamba amene ndinapikula nditatsegula benchi yanga ya zipangizo za njinga pafupi ndi siteji ya mabasi. Onse anagulidwa kupatula limodzi, lomwe linali ndi khalidwe loipa. Ukaliliza kamodzi linkalira kawiri, ndipo kachiwiriko linkalira mochedwa, munthu ataiwala kale. Ndinaliponya pansi pa benchi, osadziwa kuti lidzagwira ntchito pa nkhani ya mchemwali wanga.

Mchemwali wangayo ali Fomu 3. Kunyumba ndi kusukulu komwe amamutchula Nditero, chifukwa chibadwire sanayankhepo zina. Ukamuuza kuti asese, amati, "Nditero." Ukamuuza kuti asiye kusesa, amatinso, "Nditero." Tsiku lina munthu wopenta nyumba anamupempha kuti amugwirire makwerero. Wopentayo anatsikira mbali ina ya denga n'kupita kwawo. Tinakamupeza madzulo akugwirabe makwerero opanda munthu. Kusukulu ali m'kwaya ngakhale mawu ake ndi a chitseko chadzimbiri, ndipo amasunga makiyi a kalasi imene si yake.

Chaka chino kunabwera aphunzitsi atsopano a Chingerezi, mayi wamfupi wa nsapato zazitali, amene ana anawapatsa dzina loti a Mbali Inayo. Mwana akanena kuti moto umatentha, iwo amafunsa, "Nanga mbali inayo?" Lachisanu lililonse amachititsa mtsutso. Amalemba mutu pabolodi n'kuika timapepala m'bokosi la choko, tina tolembedwa kuvomereza, tina kutsutsa. Mbali imene watola ndi yako, kaya ukuikonda kaya ayi. Mfundo zikhale zitatu, umve bwino za mnzako usanamuyankhe, ndipo belu likalira ukhale pansi.

Nditero anatola kutsutsa. Mutu unali wakuti munthu aliyense ayenera kusamba. Anzake anayamba kuseka iye asanaimirire n'komwe. Koma mtsikana uja wa makwerero anaimirira n'kutsutsa kusamba m'Chingerezi, mfundo zitatu zonse, mpaka anyamata a pabenchi yakumbuyo anafuna kumunyamula m'mwamba ngati wawawombola ku ukapolo.

Nditamva zimenezi ndinamufunsa, "Iwe, wakana chinthu?"

"Sindinakane ine, achimwene. Kapepala kanandiuza kuti nditsutse. Ndinatero."

Ndinaona pomwepo kuti mwanayu wapeza njira yokanira zinthu pomvera. Ndinaonanso malonda. Loweruka ankabwera kubenchi kudzayeserera, ine n'kumulembera kapepala. Bambo wina atagwira pampu kuti afunse mtengo, Nditero anaimirira, manja kumbuyo.

"Wolemekezeka kasitomala, ndaimirira kutsutsa maganizo oti mugule pampuyi. Choyamba, mnansi wanu ali nayo kale. Chachiwiri, mukagula, anthu onse a kwanu azidzakubwerekani. Chachitatu, njinga yanuyi vuto lake si mpweya."

"Iwe kamtsikana, njinga yanga yatani? Undiletsa ndiwe? Achimwene, kulungani pampu. Ikaninso zigamba."

Ndinayamba kuwerenga. Pa anthu khumi ofunsa mtengo, ankagula atatu. Nditero akatsutsa, ankagula asanu ndi awiri. Munthu akhoza kusiya katundu wabwino, koma savomera kuchoka atagonja kwa mwana wasukulu.

Zinthu zinkayenda bwino mpaka pamene kunyumba kunabwera azakhali, achemwali awo aakulu a bambo. Azakhali ali ndi saluni kutsidya la tauni, komanso adzukulu atatu amene mayi wawo anawasiya popita kukafuna ntchito kutali. Ana amenewo anathamangitsa antchito onse, mmodzi anathawa osatenga ngakhale patapata zake. Azakhali anakhala pampando wa bambo n'kunena zomwe anabwerera. Ankafuna Nditero asiye sukulu akalere anawo.

"Kuwerenga akudziwa, kulemba akudziwa. Akufunanso chiyani? Ndidzamuphunzitsa kuluka tsitsi."

Bambo ndi owotcherera zitsulo. Amapinda chitsulo ndi manja, koma pamaso pa achemwali awo amasanduka thonje. Anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, mwiniwake akakana, sapita. Koma akane yekha, ndi pakamwa pake."

Azakhali anaseka mpaka mpango unatsetsereka. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti Nditero sanakanepo chinthu. Iye anali ataima pakhomo ndi thireyi ya makapu, milomo itayamba kale kukonzekera mawu ake aja.

Ndinalumphira pakati. "Azakhali, nkhani yaikulu ngati iyi tisaithe choncho. Kusukulu kwawo amachita mtsutso. Mbali ziwiri, wapampando, belu. Inu ndi iyeyu. Kapena mukuopa mwana wa Fomu 3?"

Azakhali sanagonjepo pa mkangano chiyambire. Anakanganapo ndi wapolisi wapamsewu mpaka wapolisiyo anawapepesa n'kuwaimitsira basi.

"Ine kuopa? Bweretsa belu lakolo Lamulungu masana."

Usiku wa Loweruka sindinavutike maganizo, chifukwa ndinali nditawerengera kale. Timapepala tiwiri, mwayi ndi theka. Wamalonda saika mchemwali wake pa theka. Ndinalemba kutsutsa pa timapepala tonse tiwiri. Nditero atola koyamba, apeza kutsutsa, atsutsa monga amachitira, nkhani yatha.

Lamulungu tinasonkhana mushedi ya bambo, pakati pa mafelemu a mawindo ndi geti la munthu wina lomwe linali lisanathe. Bambo anakhala wapampando pa chigubu cha penti, belu langa lili m'manja. Mutu ndinaulemba ndi choko pa getilo: Nditero asiye sukulu akalere ana. Timapepala ndinatiika m'chipewa chowotcherera n'kulunjika nacho kwa mchemwali wanga.

"Imani pomwepo," anatero azakhali. "Zinayamba liti kuti mwana azipisa dzanja akulu asanapise?"

Anapisa, anatola, n'kupatsira bambo kuti awerenge.

"Kutsutsa," anawerenga bambo. "Ndiye kuti inu, achemwali, mukutsutsa zoti mwanayu asiye sukulu. Iwe Nditero ukuvomereza."

"Ine nditsutse zimene ndabwerera?"

"Ndi malamulo ake, azakhali," anatero Nditero mwaulemu. "Mbali sasankha. Wokana mbali yake wagonja."

"Wagonja ndani? Liza belu!"

Bambo anatambasula dzanja kuti aone kapepala kotsalako. Ndinafulumira kukaponya m'kamwa n'kumeza. Anandiyang'ana, ine ndinati ndinali ndi njala.

Belu linalira. Nditero anaimirira, manja kumbuyo. Ndinayesa kumutsinzinira kuti alankhule mofooka, koma a Mbali Inayo anaphunzitsa ana awo kuti mbali imene wapatsidwa uigwire ngati ndi yako, ndipo mwanayu amamvera. Aka kanali koyamba kuchita mtsutso m'chilankhulo chathu. Ankanena kuti m'Chingerezi n'kosavuta, chifukwa mawu ake ali ngati malaya obwereka, ukawadetsa suona ngati ndi ako.

"Wolemekezeka wapampando, ndaimirira kuvomereza kuti ndisiye sukulu. Choyamba, ndine wotchipa. Wantchito amafuna malipiro mwezi ukatha, koma ine ndine wachibale, ndikhoza kulipidwa ndi madiresi akale. Chachiwiri, wantchito amathawa. Ine sindingathawe, chifukwa kothawira kwanga ndi kuno, ndipo wapampando adzandibweza tsiku lomwelo. Chachitatu, ana aja akadzakula adzapita kusukulu. Adzafunika munthu wowachapira mayunifolomu amene sadzadandaula, popeza adzakhala ataiwala kuti nayenso anali nayo yake. Ndikupempha nyumba ino ivomereze."

Anakhala pansi. Bambo ankayang'ana nsapato zawo. Mfundo zinali zolimba, zopanda pogwira. Mchemwali wanga anali atadzichotsa yekha sukulu, mwaluso.

Belu linaliranso lokha. Azakhali anadzidzimuka n'kudzuka, poganiza kuti ndi nthawi yawo.

"Wotchipa? Mwana wa mlongo wanga wotchipa? Wapampando, lembani kuti ndikutsutsa! Kodi ndi tomato wa madzulo ameneyu?"

"Mfundo, achemwali," anatero bambo motsitsa.

"Mfundo ndi ineyo! Ine ndinachotsedwa sukulu kuti ndikalere mwana. Mwana wake ndi uyu wakhala pachigubuyu! Ndinamubereka kumbuyo mpaka msana unapindika. Lero ndi yemweyu amene amandiwerengera timapepala ngati ndine mlendo m'dziko. Mankhwala a tsitsi amabwera ndi malangizo a Chingerezi. Ine ndimangonunkhiza n'kupemphera. Mayi wina ndinamupaka mankhwala oti akhale pang'ono, ine ndinawasiya mpaka tinatha kucheza. Anabwera ndi tsitsi, anabwerera ndi mpango. Mpaka lero tikakumana amawoloka msewu!"

Bambo analiza belu. Azakhali sanamve.

"Ndiye wina aime pano azinena kuti mtsikana asiye sukulu akachape mayunifolomu a ana a eni? Amene akunena zimenezo alibe manyazi! Ana ali ndi mayi wawo, atumize ndalama tilembe wantchito wa mtima wa mwala. Uyu aphunzire, adzandiwerengere mabotolo!"

Belu linalira kachiwiri, bambo analizanso, linaliranso lokha, mpaka mushedi munkamveka ngati mwalowa njinga zisanu. Azakhali anakhala pansi akupuma mwamphamvu. Wapampando sanachedwe kugamula kuti otsutsa apambana kutalitali.

Azakhali anaimirira n'kuvina pang'ono pakati pa mafelemu. "Mwaona? Fomu 3 yake iti? Ine sukulu sindinapite, koma pakamwa ndinabadwa napo."

Anatola chikwama chawo, anafika pakhomo, kenako anaima. Tinawaona msana ukuuma. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Iwe wamabelu, wandichita chiyani? Zimenezi zinali masewera. Ine ndinabwerera mwana. Mlongo wanga, unanena kuti akane yekha. Wakana? Ine ndamumva ndi makutu anga akuvomera, mfundo zitatu."

Zinali zoona. Bambo anaika belu pansi n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Mtsutso watha, mwanawe. Palibe wapampando pano, ndine bambo ako. Azakhali ako akuti upite nawo. Ukuti bwanji?"

Nditero anayang'ana m'chipewa chowotcherera. Munalibe kanthu. Anandiyang'ana ine, koma kapepala kake ndinali nditadya. Anayang'ana geti lolembedwa ndi choko lija. Anayesa kuimirira n'kuika manja kumbuyo, kenako anakhalanso pansi, manja pamaondo. Milomo inayamba kupanga mawu ake a masiku onse. Ndinatseka maso.

"Azakhali," anatero ndi mawu aang'ono, "ndamva zimene mwanena. Mwati munachotsedwa sukulu ndipo mpaka lero zimakuwawani. Ndakumvani bwino. Ayi. Sindipita."

Pansi paja, popanda wolikhudza, belu linati ngiri.

"Wati chiyani?" anafunsa azakhali.

"Ndati ayi, azakhali. Loweruka lina ndikhoza kubwera kudzakuwerengerani mabotolo. Koma sukulu sindisiya."

Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anamenya bambo paphewa ndi chikwama.

"Wamva? Ndamugonjetsa mpaka wasiya mbali yake n'kubwera kwanga. Uyu ndi magazi anga, osati iwe thonje. Tiye undiperekeze kusiteji."

Chichokereni tsiku limenelo Nditero wabweza makiyi a kalasi ya eni, ndipo watuluka m'kwaya, zomwe a kwaya analandira ndi nyimbo yothokoza. Dzina silinasinthe. Amatibe "nditero" nthawi zambiri, koma tsopano amayamba wakhala chete kaye, ndipo kachetechete ameneyo amatiopsa tonse. A Mbali Inayo anamusankha kukhala m'gulu lokapikisana ndi sukulu zina. Anamuuzanso kuti m'chimangirizo azilemba maganizo ake, asamadikire kapepala.

Sabata yatha ndinamupempha kuti azibwera kubenchi Loweruka lililonse, tizigawana phindu.

"Ayi, achimwene. Mayeso ayandikira."

"Ine mchimwene wako? Ine amene ndinadya pepala chifukwa cha iwe?"

"Ndamva kuti munadya pepala. Ayi."

Ogula abwerera pa atatu mwa khumi. Sindikudandaula, chifukwa ndapeza msika wina. M'dera lathu muli sukulu za sekondale zisanu ndi imodzi, ndipo pa mtsutso ambiri amamenya desiki ndi dasitala chifukwa alibe belu. Ndaitanitsa mabelu ena makumi awiri, ndipo bambo avomera kuwawotcherera timiyendo kuti aziima patebulo. Lolemba ndipita ndi limodzi kwa a Mbali Inayo kuti akaliyese m'kalasi. Akalikonda, Lachiwiri ndiyamba kuzungulira sukulu zinazo.