Tsiku Limene Anandiphethirira Magetsi

Bambo anga anayendetsa galimoto zaka zoposa makumi atatu osalipirapo chindapusa cha pamsewu, ndipo nkhani imeneyi sankaibisa. Aliyense wokhalitsa pa benchi ya pagolosale yathu ku Chibavi ankaimva, afune asafune. Laisensi yawo inali ya C1, yoyendetsera ndi malole omwe, poti asanabwere ku Mzuzu ankanyamula matumba a chimanga kwathu ku Machinga. Ine nditapeza yanga ya B, yololeza magalimoto ang'onoang'ono okha, anaitembenuza kawiri n'kundibwezera.

"Yoyendetsera wilibala," anatero.

Ndinafufuma tsiku lonse, chifukwa mayeso ake ndinachita kubwereza.

Chaka chimenecho maso awo anali atayamba kuchita mdima. Tonse m'nyumba tinkaona, koma wolimba mtima woti anene panalibe. Tsiku lina anagunda mgolo wa madzi pageti pathu ku Katawa, n'kukalipira amene anauika pamenepo, chonsecho mgolowo unali pomwepo chisamukireni ife m'nyumbamo. Laisensi yawo inatsala pang'ono kutha, ndipo kuti munthu aikonzetsenso amayamba wawerenga zilembo za pakhoma zoyezera maso. Iwo ankangoti apita mwezi wamawa. Mayi ankandikokera kukhitchini n'kumandinong'oneza kuti ndiwauze ndine asiye kuyendetsa, ati poti ine amandimvera. Sankandimvera ayi, kungoti mwa ana onse wapakamwa ndinali ine. Koma pa nkhani iyi pakamwa panga panauma. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzagunda wa kabaza, komanso ndinkaopa kuwalanda chinthu chimene ankachinyadira kuposa golosale yomwe.

Lachisanu lina m'nyengo yozizira tinapita ku Ekwendeni kukasiya shuga ndi mafuta ophikira kwa mnzawo wa sitolo. Popita anayendetsa okha pikapu yathu yobiriwira ija, pang'onopang'ono, mphuno ili pafupi ndi galasi. Pobwerera anandiponyera makiyi.

"Tiye tione ngati B yakoyo imagwira ntchito. Tikafika ku Luwinga undibwezere, m'tauni si mwa ana."

Mnzawo uja anali atatichedwetsa ndi tiyi, ndipo Bambo chibwerereni ku Mzuzu anali asanaphonyepo swala ya Lachisanu kumzikiti. Anandifunsa nthawi kawiri. Kachitatu ndinangoponda mafuta.

Tili m'njira, minibasi yochokera ku tauni inandiphethirira magetsi, kuyatsa n'kuzimitsa, masana dzuwa likuswa mtengo. Kusukulu yoyendetsa galimoto anatiphunzitsa zikwangwani zonse, koma zoti madalaivala amachenjezana chonchi kutsogolo kukakhala apolisi oyeza liwiro, palibe anandiuzapo. Ine ndinangoti ameneyu waizindikira pikapu ya Bambo, akupereka moni. Ndinakweza dzanja. Kenako lole ya matabwa inachita chimodzimodzi, ine dzanja m'mwamba. Yachitatu inali kagalimoto koyera, ndipo ameneyo ndinamuimbira ndi hutala yomwe, uku ndikudzitama mumtima kuti ndine mwana wa munthu wodziwika. Bambo maso anali kutsogolo, zala zikuyenda pa mikanda yawo ya pemphero.

Titangokhota, ndinawaona: makina ali pamiyendo itatu pansi pa mtengo, wapolisi atakweza kale dzanja. Ndinaima pambali pa msewu.

"Monire adada," anayamba ndi Bambo wapolisiyo, mnyamata wamtali waulemu wake.

"Yewo, yewo," Bambo anayankha, Chitumbuka chawo chonse n'kuthera pomwepo.

Wapolisiyo anatembenukira kwa ine n'kupempha laisensi. "Asisi, mwathamanga chomene. Pano m'pa fifite. Bwerani mudzaone nokha pa makina."

Ndinapita kukaona. Panalibe chotsutsa, pikapu yobiriwira inali pomwepo, ine ndili pachiwongolero. Akulemba, wapolisiyo anandiyang'ana modabwa.

"Koma lero aliyense akufika pano akukwawa. Anzanu sanakuphethirireni magetsi kumtundaku?"

"Ndimayesa akupereka moni," ndinatero.

Anaseka mpaka kuika cholembera pansi, n'kuitana mnzake kuti adzamve. Ine manyazi anandigwira, ukali n'kubwera pamwamba pake, koma wokalipira ndinamusowa. Ndinalipira, anandipatsa lisiti, n'kunditsanzika ndi "yewo chomene" ngati ndawabweretsera mphatso.

Kuchokera pamenepo ndinayenda ngati ndanyamula mazira. Ndinkadikira kuti Bambo ayambe za zaka makumi atatu zija, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Sanayambe. Tinadutsa ku Luwinga, makiyi osawaitanitsa. Pofika kumzikiti tinapeza anthu akutuluka, akufunafuna nsapato zawo pakhomo. Ndinazimitsa galimoto chapatali. Bambo sanatsike.

"Pepani Ababa," ndinatero. "Ndakuphonyetsani swala."

Bambo anafunsa, osandiyang'ana:

"Anali angati?"

"Ndani, Ababa?"

"Amene anaphethira magetsiwo."

"Atatu. Minibasi, lole ya matabwa, ndi kagalimoto koyera."

Anavula chisoti chawo, n'kuchiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso.

"Ine maso anga anali pamsewu njira yonse," anatero. "Ndikanakuuza. Sindinaone ngakhale imodzi."

Mawu amene ndinawasowa miyezi yonse ija anawanena okha. Ndinkayesa tsiku limenelo likadzafika ndidzapepukidwa, koma ndinamva chisoni chokhachokha. Ndinangogwira chiwongolero, n'kumayang'ana anthu akuwoloka msewu kutsogolo kwathu. Ena ankawakwezera dzanja Bambo, ndipo ndinaona kuti iwo sakubweza.

Titafika ku Katawa ndinalowetsa pikapu mosamala, kuuzemba mgolo uja. Mayi anali pakhonde akusankha mpunga. Ndinazula makiyi n'kuwapatsa Bambo monga mwa masiku onse. Anandigwira dzanja, n'kupinda zala zanga pamwamba pa makiyiwo.

"Sunga. Ukaona magetsi, uzichotsa phazi."

Mayi anatiyang'ana, n'kuweramiranso m'lichero.

Laisensi ya C1 ija sanakaikonzetsenso. Ikadali m'chikwama chawo, kuseri kwa chiphaso cha unzika. M'mawa uliwonse ndimawatengera ku Chibavi, atakhala kumanzere kwanga, akundiuza pokhota ngati njirayo ndi yachilendo kwa ine. Pa benchi paja amanenabe kuti sanalipirepo chindapusa moyo wawo wonse, ndipo sanama. Kungoti masiku ano akafika pamenepo amaloza kumene akumva mawu anga, n'kunena kuti dalaivala wawo ndiye anagwidwapo kamodzi, akupereka moni.