Munda wa Zikhomo Zofiira

Akazi anga anamwalirira pa ngolo, tikupita nawo kuchipatala cha paboma. Inali nyengo yosoka fodya, msewu uli matope okhaokha. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe chifukwa chake sindinakane a khonsolo atabwera kudzapempha malo athu kuti pakhale chipatala chaching'ono ndi nyumba.

Kwathu ndi ku Chulu. Kwa Kaomba ndinapita chikamwini, ndipo ndinakhalako mpaka kuiwala kuti munda umene ndinkalima sunali wanga. Unali wa mbumba ya akazi anga. Maliro atatha, alamu anga, alongo awo a malemuwo, sanandisudzule. Anati, "Alamu, mupita kuti? Mango awa munabzala ndinu. Khalani muzilima." Ndinakhala.

Tauni inali ikukula, nyumba za malata zitafika kale kuseri kwa zigafa zathu zoyanikamo fodya. Msonkhano wa malo unachitikira pabwalo la sukulu, ndipo poti ndinali mkulu wa mpingo, anandipempha kuti nditsegule ndi pemphero. Ndinapempha Mulungu kuti zimene tigwirizane tizisunge.

Bwana wa khonsolo anali munthu wofatsa, ndipo sanabise kanthu. Anati khonsolo ilibe ndalama zogulira malo, chifukwa za msonkho wa pamsika ndi wa nyumba zimathera ku malipiro ndi kukonza misewu. Tsono adzadula minda yathu m'maploti n'kugulitsa kwa aphunzitsi, anamwino ndi ena a m'maofesi amene akusowa pomanga. Ndalama za maplotiwo ndi zimene adzatipatse ngati chipukutamisozi. Pakati adzasiyapo malo a chipatala.

Mayi wina wogulitsa tomato anaimika dzanja. "Ndiye kuti, bwana, mwandigula mbuzi, koma mundilipira mukagulitsa nyama yake?"

Anthu anaseka, bwanayo nayenso anaseka. "Zili ngati choncho, mayi. Koma chiwindi chikhala chanu. Ndi chipatalacho."

"Bola chisanunkhe tisanadye," anatero mayiwo akukhala pansi.

Tinavomera. A khonsolo anatipempha chinthu chimodzi, kuti chaka chimenecho tisalimemo, ogula azitha kuona malire bwinobwino.

Oyeza malo anabwera ndi zingwe, nakhoma zikhomo zopaka penti yofiira kudutsa m'mizere yanga yakale. Wolemba anafunsa kuti, "Munda uwu ndi wa yani?" Ndinatsegula pakamwa, koma alamu anayankha ndisanalankhule. Sanalakwe. Dzina lawo linalembedwa pa nthaka, langa pa mitengo ya mango ndi chigafa.

Chaka chomwecho dzina langa linatuluka pa makuponi a feteleza wotsika mtengo, patapita zaka ziwiri likudumphidwa. Ndinaima pamzere tsiku lathunthu, n'kubwera ndi matumba awiri pa njinga, lokulitsa ndi lobereketsa. Ndinawasanja pa njerwa m'chipinda chimene malemu ankasungiramo mtedza.

Mvula itagwa, anzanga analowa m'minda. Ankapanga mizere mozemba zikhomo, ena n'kuzizula kumene n'kuzibwezera pambali. Alamu anandipeza ndikunola khasu lopanda ntchito.

"Limani, alamu. Zikhomo sizidya chimanga."

"Tinalonjeza pagulu," ndinatero. "Ndipo ndinapemphera ndine."

"Munapemphera, inde, koma simunalumbire kuti mugona ndi njala. Ogulawo mwawaona ali kuti?"

Ndinapitiriza kunola khasu. Ndinkaganiza kuti ngati wogula abwera n'kupeza chimanga pa ploti yake, abwerera, ndalama zichedwa, chipatala nacho chichedwa, ndipo wina adzaferanso pa ngolo. Mwina ndinkaganiza bwino. Mwinanso kunali kunyada kwa munthu wofuna kuoneka wosunga mawu. Ndadzifunsa kambiri, sindinapeze yankho.

Ogula anabwera mwapang'onopang'ono. Anthu a pantchito alibe ndalama zamulu, amapereka pakutha pa mwezi, pang'ono pang'ono. Amene anafika ankangolowa m'chimanga cha anzanga, kuyang'ana chikhomo chawo, n'kupempha chimanga chachiwisi popita. Palibe anadzudzulidwa. M'munda mwanga munamera nsongole ndi chisoso, ndipo ng'ombe za eni zinkadyamo masana.

Njala ndinapirira. Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa pamudzi pomwepo, ankanditumizira ufa, ndipo ndinkagwira ganyu yosankha fodya kwa ena. Chimene sindinachione chikubwera n'chakuti mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha khasu lake. Tsiku lina ndikudutsa pachitsime ndinamva alamu aakazi akuti, "Nanga abambo aja akudikira chiyani kuno, mkazi palibe, munda salima?" Ananena mosakwiya, ngati akufunsa za mvula.

Chipukutamisozi chinafika mvula yachiwiri ili pafupi. Alamu anagula malo cha ku Lukwa, ochepa kuposa amene tinasiya, poti mitengo ya malo inali itakwera pamene tinkadikira. Anabwera kwanga m'mawa, navula chipewa, nakhala pa mpando nthawi yaitali akukamba za matenda a nkhuku.

Kenako anati, "Alamu, malo aja ndayesa kugawa. Alongo anga atatu, ana awo, ndi mwana wanu. Ndazungulira, ndazungulira."

"Ndamva, alamu. Mwana wanga ali ndi pake?"

"Ali napo."

"Basi, zikomo. Munandisunga."

Anandisudzula Loweruka, mwaulemu wonse, patatha zaka kuchokera pamene mwambowo ukanachitika. Ndinapita kumanda kukaima pang'ono. Kenako ndinamanga matumba awiri aja pa njinga. Feteleza anali atauma ngati mwala, ndipo ku Chulu, pa kamunda kamene adzukulu a mlongo wanga anandidulira, ndinachita kumuphwanya ndi musi.

Ndimapitako kwa Kaomba nyengo yolambula kumanda. Nyumba zinamangidwa, zabwino ndithu. Mtengo umodzi wa mango uli mkati mwa mpanda wa namwino wina, ndipo ndinamva kuti amausamala. Malo a chipatala alipo, sanawagulitse, chikwangwani chake chikadaima ngakhale zilembo zinafufutika. Ulendo wathawu ndinapeza wina atalimamo mtedza, mizere yowongoka bwino, kuyambira pachikwangwani mpaka kumsewu. Ndinaima n'kuyang'ana, ndipo sindinafunse kuti ndi wa yani.