Makina Ofunda Chitenje

Ntchito yanga pa kachipatala kathu, kufupi ndi Mkanda, inali yokolopa. M'chipinda chakumapeto munali makina a ekisire, ojambulira mafupa. Anabwera pa lole, tinawalandira ndi nthungululu, anajambula anthu nyengo ziwiri za fodya, kenako tsiku lina anangoti zii. Adokotala anati tidikire injiniya. Injiniyayo anali mmodzi, zipatala zomufuna mbwee, ndiye tinadikira.

Ine ndinawafunditsa chitenje changa cha kutchalitchi, poti kwathu chinthu chamtengo sichigona pafumbi. M'mawa uliwonse ndinkavundukula, kupukuta, n'kufunditsanso. Pachipatala ponse panalibe chowala kuposa makinawo. Alendo akabwera tinkawaonetsa, iwo n'kugwedeza mitu, n'kumapita.

Mwana wanga woyamba anaphunzira ntchito yomweyo, yokonza makina a m'zipatala. M'kalasi mwawo anali ochepa, oti n'kukwana pa benchi imodzi. Atangomaliza anamuitana ku Botswana. Tsiku lonyamuka ndinapha tambala, ndinavina mpaka mpango kugwa. Kumjigo nkhani ndinkaiyamba dala: "Aja a ku Botswana aja anaimba dzulo." Sindibisa, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Ndiye dzinja lina bambo ake anagwa panjinga atanyamula thumba la feteleza, mwendo n'kuthyoka m'munsi mwa bondo. Mvula inali itakokolola mlatho, kotero zopita kuboma panalibe. Tinawagoneka pa bedi loyang'anizana ndi chitseko cha makina aja.

Ndinabwereka foni ya anesi n'kumuimbira mwanayo pa vidiyo. Ndinavundukula chitenje kuti aone.

"Amayi, tayandikizani foniyo kumbuyoko," anatero. "Eya. Kabokosi ako ndi kamene kanapsa. Ndikanakhalapo, ola limodzi basi."

"Ndiye undiuze, nditsegule ndekha. Manja ndili nawo."

"Ayi amayi, musakhudze! Magetsi akewo amapha ngakhale mutazimitsa."

Kenako wina anamuitana m'chinenero chakumeneko, iye n'kundiuza kuti makina ena afa kuwodi, aimbanso. Ndinafunditsa chitenje chija bwinobwino, ngodya zonse zinayi.

Adokotala anapapasa mwendo ndi manja, kukoka, kuyerekeza ndi unzake, n'kumanga chikhakha. Anayesetsa ndithu, sindingawanene. Pamene msewu unkatseguka fupa linali litagwirana kale, koma mokhota ngati mpini wa khasu. Njinga bambo ake sanakwerenso. Dimba lomwe ankalinyadira tinapatsa mphwawo.

Pa Khirisimasi mwana uja anatumiza ndodo yoyendera. Ndi yachitsulo, yopepuka, ya mphira kunsi, ndipo umatha kuitalikitsa kapena kuifupikitsa. Kutchalitchi azibambo amapatsirana, aliyense kuyesako masitepe awiri. Bambo ake amawongola khosi n'kunena kuti, "Yachokera kwa injiniya wathu." Ine ndimangoyang'ana pansi. Mwanayo sindimuda, anapita komwe ntchito yake ankaidziwa mtengo. Koma ndikakumbukira mpango uja uli pansi, mtima umandiwawa.

Chaka chomwe ndinapuma ntchito injiniya anali asanabwerebe. Mtsikana wolowa m'malo mwanga ndinamuonetsa kapukutidwe kake: kuyambira pamwamba, nsalu isanyowe. Chitenje ndinamusiyira.

Masiku ano ndimapukuta ndodo ija m'mawa uliwonse, bambo asanadzuke. Dzanja linazolowera.