Madzi Asaime

Amuna anga anayendetsa mathiraki zaka zambiri, kuchoka kuno ku Petauke mpaka ku Beira, nthawi zina ku Dar es Salaam. Anzawo pobwera kumeneko ankabweretsera akazi awo zitenje ndi mapoto, koma anga ankabweretsa nkhani za nyanja ya mchere. Tsiku lina akudikira katundu padoko, msodzi wina anawatenga m'bwato n'kuwabwereka galasi lovala kumaso kuti asuzumire pansi pa madzi. Zimene anaona kumeneko zinawalowa m'mutu osatulukanso. Ankati pansi pa nyanja pali munda, maluwa ake amapuma, ndipo ukawakhudza amadzipinda mwamanyazi. Ine nyanja sindinaionepo. Madzi aakulu amene ndimawadziwa ndi a Luangwa, ndikamawoloka pabasi popita ku Lusaka.

Msana utawakana, anasiya ntchito n'kukhala pakhomo. Ndinkayembekeza kuti agula ng'ombe ngati amuna anzawo, kapena atsegula kagolosale pamsewu. Iwo anandiitanira m'chipinda chochezera, natambasula manja kukhoma la kum'mawa.

"Amake ana, apa ndiika nyanja. Simunapite kukaiona, ndiye ibwela yokha."

"Bambo, mutu uli bwino?" ndinawafunsa. "Kuno madzi akumwa tivutika nawo, imwe mufuna a mchele?"

Anangoseka. Pakamwa panga sipachedwa, ndipo iwo anali atazolowera kalekale.

Magalasi anachokera ku Lusaka atakulungidwa m'mabulangete, okhuthala ngati chala chachikulu. Atawalumikiza ndi guluu, inatuluka thanki yaitali kuposa bedi lathu. Mayi wina woyandikana nafe anati munthu wamkulu atha kugonamo osapinda miyendo, ndipo ndinamuuza kuti akalosere zoipazo kwawo. Chitsulo choikapo thankiyo anakawotcheretsa ku Nyimba kwa mnzawo wa kuntchito. Anaswa simenti ya pansi n'kuthira ina yokhuthala, chifukwa madzi akadzaza, kulemera kwake kukanang'amba nyumba. Fumbi lonselo ndinapukuta ndine, ndikung'ung'udza osapuma.

Madzi a pachitsime anati ali ndi zinthu zosaoneka zimene zimapha za m'nyanja, ndiye ankawasefa pakamakina kodontheza pang'onopang'ono ngati diripu ya kuchipatala. Mchere wa pamsika anaukananso. Wawo unkabwera pabasi m'zidebe zotseka, ndipo nditaulawa mobisa ndinalavula, unali wowawa ngati mankhwala. Ankausungunula mumgolo wabuluu, n'kudontheza dontho pakachipangizo koyezera, n'kumasuzumiramo ndi diso limodzi, nkhope ili gwa. Popeza magetsi kuno amapita osatsazika, anaika masola padenga ndi mabatire kuseri kwa chitseko. Pamenepo ine sindinkaloledwa kulumikiza ngakhale ayironi.

Atadzaza madzi anaikamo mchenga woyera ndi miyala yabowobowo, nayatsa pampu ndi nyale zabuluu. Nsomba munalibe. Anati madzi ayenera kukhwima kaye, mubadwe tizilombo tosaoneka todya zonyansa, apo ayi chilichonse chimene ungaikemo chimafa. Mvula inagwa, chimanga chinamera mpaka kufika m'mawondo, ife tikungoyang'ana miyala. Anthu a kutchalitchi ankabwera kudzaona, potuluka n'kumakodolana. Kumsika ndinamva ndi makutu anga kuti amuna anga akuweta miyala. Ndinafika pakhomo nditafufuma ndi mkwiyo, iwo n'kungondiyankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipodi zamoyo zoyamba kulowa m'menemo zinali nkhono zodya ndere pagalasi.

Nsomba anakazitenga okha ku Lusaka. Ulendo wonse wa pabasi anafungatira bokosi lake pamiyendo, kukana kuti aliike kunsi pamodzi ndi katundu. Zinali ziwiri, zazing'ono, zamtundu wa papaya wakupsa, zokhala ndi mizere yoyera. Pambuyo pake kunabwera makorali, maluwa amoyo aja, tizidutswa tofota tomata pamiyala, tosasangalatsa n'komwe. Ndiye m'mawa wina ndikusesa, ndinaona kamodzi katatambasula timanja tobiriwira, tikuweyuka ndi madzi. Ndinasiya tsache n'kukhala pansi. Amuna anga anandipeza pomwepo, madzi a tiyi ataphwera pamoto. Sananditonze za kung'ung'udza kwanga konse kuja, anangokoka kampando n'kukhala pambali panga.

Kuyambira tsiku limenelo inakhala nyanja yathu. Ndinaphunzira kudyetsa nsomba, kupukuta galasi, ndi kuwonjezera madzi osefedwa akaphwa. Dzuwa la Okutobala likapsa tinkayandamitsamo mabotolo a madzi oundana, ife eni ake tikumwa ofunda. Tizidutswa tija tinakula mpaka miyala inabisika. Anthu omwe aja ankakodolana anayamba kubweretsa alendo awo, ndipo ine ndinkawafotokozera monyada ngati ndinabadwira ku Beira. Lamulo la amuna anga linali limodzi.

"Nsomba zingagone ndi njala, amake ana. Nyale zingazime. Koma pampu isazime. Madzi akaima, mpweya utha, zonse zifa."

Matenda a shuga anawagwira pang'onopang'ono, kenaka impso zinafooka. Anawagoneka kuchipatala cha ku Minga. Alamu anga, mlongo wawo wamkulu amene anawalera makolo atamwalira, anabwera kuchokera kumudzi ku Msanzala kudzawadwazika. Ankagona pansi pambali pa bedi, ndipo ndi iwo amene ankandimasula kuti ndithamangire kunyumba kukaona nsomba. Ndikabwerera, amuna anga sankafunsa za nkhuku kapena za munda. Tsiku lomaliza kuyankhula bwino anandigwira dzanja.

"Madzi asaime."

"Sadzaima, bambo," ndinawalonjeza.

Anatisiya m'nyengo yotentha, mvula isanayambe. Kwathu kuno maliro akagwa, mipando ndi matebulo zimatulutsidwa panja kuti pakhale amuna, ndipo chipinda chochezera chimasanduka cha amayi. Wailesi ndi kanema zimazimitsidwa n'kuvundikiridwa ndi nsalu. Mkazi wamasiye amakhazikidwa pamatiresi pakona, nkhope pansi, amayi akuluakulu uku ndi uku. Sadzuka yekha, sakweza mawu, salamula kanthu m'nyumba yake yomwe mpaka mtembo utaikidwa. Ndinakhala ndikuchitira anzanga zomwezo zaka zonsezi, ndipo sindinaonepo cholakwika.

Anyamata anayesa kusuntha thanki, koma sinagwedezeke. Alamu anga anaimirira patsogolo pake, maso atatupa ndi kulira.

"Ino ni nyumba ya malilo, si bala," anatero. "Malaiti abuluu awa ni madzi osokosa, anthu aimba bwanji?"

Anavundikira thanki yonse ndi zitenje, nawerama pakhoma n'kuzula zingwe zonse. Phokoso la madzi limene linakhala m'nyumba yathu usana ndi usiku linatha pomwepo. Amayi anali atayamba kale nyimbo, ndiye amene anamva kuti latha ndine ndekha.

Ndinanong'oneza mayi wa kutchalitchi amene anakhala kudzanja langa lamanja kuti ayatse pampu yokha, nyale azisiye. Anandisisita msana.

"Amai, osaganiza za nsomba lelo. Anthu azakamba kuti chani?"

Ndinapempha kuti andiitanire mwana wanga wamkulu. Anati ana aamuna ali panja, akuthamangira bokosi ndi manda, ndisawasokoneze. Ana angawo ankaganiza kuti pansi pa zitenje madzi akuyenda, pakuti nyimbo zinkamveka mpaka kumsewu, ndiye sakanamva kuti pampu yazima. Nditapemphanso mawa lake, mayi wa kumanzere anandiyandikira kukhutu.

"Achibale a amuna anu akuonani. Mufuna akambe kuti mtima uli pa katundu, mwamuna akalibe kuikidwa? Mufuna akambe kuti simulila?"

Ndikudziwa zimene amanena za mkazi wotere, ndipo ndikudziwa kuti mawu amenewo amatsata ana ake mpaka kalekale. Ndinakhala pamatiresi paja, thukuta likutsika, chipinda chitadzaza anthu ndi kutentha, maso anga ali pa zitenje zija. Aliyense ankati ndikulira amuna anga, ndipo ndinkawaliradi. Koma ndinkaliranso chifukwa zingwe zinali pafupi, pamene mwana wokwawa akanafika, ndipo ine mayi wamkulu sindinkaloledwa kudzuka. Ndinapsa mtima moti mano ankandiwawa.

Fungo linayamba tisanapite kumanda. Amayi anangotsegula mawindo. Titabwerako, atandisambitsa n'kundilola kuimirira ndekha, ndinapita kukavundukula thanki ija. Madzi anali otuwa ngati otsukira mpunga. Nsomba ziwiri zija zinali pamwamba, mimba zili m'mwamba, ndipo munda wonse unali utasungunuka, utatsala miyala yoyera ndi zoterera zoyandama. Alamu anga anaima pambuyo panga, napukusa mutu.

"Zamukonkha mwine wake," anatero. "Zenze zimukonda."

Amayi onse anavomereza, ena mpaka kugwetsa misozi, ndipo nkhani inafala kuti nsomba za malemu zatsatira mbuye wake. Anthu inawatonthoza nkhani imeneyo. Ine sinanditonthoze. Sizinatsatire munthu ayi, zinabanika ine ndikuyang'ana. Mawu amenewo anafika pamilomo, koma ndinaona nkhope ya mayi amene anagona pasimenti kudwazika mlongo wake, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga pakamwa panga panachedwa. Sankadziwa. Anachita zimene amachita munthu aliyense wolemekeza maliro, ndiye ndikwiyire ndani?

Anthu atabalalika ndinatunga madzi aja ndi ndowa n'kukakhuthula kuseri kwa nyumba. Pamalo pamenepo mpaka lero sipamera ngakhale bonongwe. Ana anati tigulitse thanki kwa munthu wa ku Chipata amene ankaifuna. Woyandikana nafe uja anati ndisungiremo mtedza, makoswe sangaboole galasi. Ndinakana onsewo.

Mumgolo wabuluu munali mutatsala madzi osefedwa, ndipo m'chidebe munali mchere. Ndinatsuka miyala, ndinasungunula mchere, ndinasuzumira m'kachipangizo kaja ndi diso limodzi monga ankachitira iwo, mpaka thanki inadzaza. Nsomba sindinagule zina. Za ku Lusaka sindikudziwa kumene ankazitenga, komanso mtima woti ndiyambirenso ndilibe. Tsopano woweta miyala ndine, ndipo kumsika atha kunena zimene akufuna.

Alamu anga anabwera kudzandiona chaka chitatha. Anakhala m'chipinda chochezera, namwa tiyi, akuyang'ana madzi akuzungulira pamiyala yopanda kanthu.

"Alamu, mulibe chamoyo umu. Muyatsila ndani pampu?"

Ndinawathirira tiyi wina.

"Anandiuza kuti madzi asaime," ndinatero.