Chala cha Asekulu Pansi pa Chigafa

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, amene tinkawaitana kuti asekulu, ndimamva fungo lotsamwitsa la fodya wouma m'chigafa chawo ku Mwase, losakanikirana ndi thukuta la munthu wosadziwa kukhala pansi. Anali nkhalamba yamakani. Imvi zili mbuu, koma ankakwerabe okha kukapachika fodya, ati anyamata amapachika mwaulesi.

Masana ena, chaka chomwe tinadya chimanga chachikasu chathandizo chija, mtanda umene anapondapo unathyoka. Ine ndinali pansi pomwepo kusoka masamba, ndinangomva kuti khu! Asekulu ali chagada pafumbi, maso ali tong'o, miyendo ili zii ngati ya munthu wina.

Amalume anathamanga n'kuwagwira m'khwapa, mnzawo n'kugwira mapazi, kuti awakoke msana uwongoke.

"Yayi! Lekani!" anakuwa asekulu. "Mwaiwala ng'ombe yanga ija inagwa mu dzenje? Maso kupenya, mendo yakufa. Mutu ndiye utuma, mau yapita mu musana. Mukadula apo, mendo siyamvela futi."

Amalume anasiya. Kenako asekulu anandiitana.

"Tiwonge, bwela. Unitsine chala chikulu cha ku phazi."

Ndinagwada n'kutsina chala chokhakhala chija.

"Nanga uyembekeza chani? Tsina!"

Ndinali nditatsina kale. Ndinaopa kuwauza. Ndinalowetsa chikhadabo mwamphamvu mpaka magazi anatuluka, ndikulira mwakachetechete. Amayi anali atayamba kupemphera.

"Eya," anatero asekulu motsitsa. "Namva, koma kutali."

Anatseka maso, nkhope yonse thukuta, akulimbana ndi phazi lawo lomwe ngati munthu woitana mnzake wa kutsidya kwa mtsinje. Tonse maso anali pachala. Patapita kanthawi chinagwedezeka pang'ono, kamodzi kokha.

Anthu anazula chitseko cha nyumba, n'kuwasunthira pamenepo osawapinda, ndipo ngolo imene anawakwezapo inayenda ngati yamaliro mpaka kumsewu. Kuchipatala cha kuboma anakhalako miyezi. Anabwerako ndi ndodo, akukoka mwendo umodzi, pakamwa pokha pali bwinobwino.

Lero ndikapeza ngozi pamsewu, anthu akuthamangira kunyamula wovulala m'manja ndi m'mapazi, ndimakuwa kuti amusiye kaye. Ena amandiyang'ana ngati mayi wouma mtima. Sadziwa kuti pansi pa chikhadabo changa ndimamvabe chala chija chisakuyankha.