Thanga Lachikasu la a Lonnie Haugen

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu a Lonnie Haugen akhala chitsiru chathu cha mphepo, ndipo udindo umenewu sauseweretsa. Ntchito yawo yodyera ndi kupopa zimbudzi. Theka la maenje a ku Gold Beach kuno amawadziwa ngati abale awo. Koma mukawafunsa kuti ndinu yani, za galimoto yawo ya thanki yopopera satchula. Amati iwo ndi amene amayamba kulowa m'madzi. Gulu lathu limasewera pa mafunde a nyanja, aliyense ataima pa thabwa lokhala ndi thanga lokankhidwa ndi mphepo.

Poimika magalimoto pa gombe lathu la Pistol pali kuseri kwa zitunda za mchenga, ndiye mphepo ya pamenepo ndi yabodza. Timafika, n'kukhala m'magalimoto ndi khofi, aliyense akudikira kuti wina apite akayese. Palibe amene amafuna kumanga thanga, kulisenza limodzi ndi thabwa kukwera mchenga wonse uja, n'kukapeza kuti lachepa kapena lakula. Wopita koyambayo ndi amene timamutcha chitsiru cha mphepo. Malo ena amachita kusinthana, koma ife tinachita mwayi, chathu chinali chodzipereka. Akazi awo anawasiya kalekale, atatopa ndi kudya okha chakudya chamasana nyengo yonse ya mphepo, kuyambira Juni mpaka Seputembala. A Lonnie amati mayiwo sanalakwe.

Ubwino wa a Lonnie unali pa mimba. Ankalemera mapaundi 250 chaka ndi chaka, osakwera osatsika, ndi mabanzi a nyama a pa filingi sitesheni. Munthu wolemera amafuna thanga lalikulu, choncho masamu athu anali osavuta: ona nambala ya kukula kwa thanga la a Lonnie, chotsapo imodzi. Akatuluka ndi lofiira la 5.3, enafe timamanga za m'ma 4.3. Lachikasu la 4.2 ankalitulutsa mwina kawiri pa chaka, tsiku loti mchenga ukuluma miyendo ndipo anzeru atsala kunyumba. Mnzawo wa ponda apa m'pondepo, a Kirby Strand, amene anapuma ntchito yozula mano koma pakamwa pawo sipanapume, ankati a Lonnie akadzamwalira tidzawaumitsa n'kuwamangirira pa thabwa.

Ine ndine Twila, ndimasoka matanga ong'ambika m'galaja mwanga. Mu Meyi chaka chatha a Lonnie anabwera ndi suti yawo ya mphira ya m'madzi, atavala chijekete chikhalirecho kuli dzuwa. Dzinja lonse sitinaonane. Atavula chijeketecho ndinachita kukhala pansi. Munthu uja anali atatha, lamba ataboolamo mabowo anayi atsopano.

"Matumbo," anatero. "Adula, ataya, otsalawo akuti akuwayang'anabe. Ibwezeni sutiyi mayi, ikungotunga madzi ngati thumba."

"Nanga anzanu aja akudziwa?"

"Mukawauza, katundu wa m'thanki ndidzamutsitsira pa khonde lanuli." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Akadziwa ayamba kundinyamulira thabwa. Azidzati khalani m'galimoto a Lonnie, tikuyeserani ndife. Ine zimenezo ayi. Kuli bwino madokotala angomaliza."

Ndinamva chisoni, komanso ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona. Ndife anthu okoma mtima moipa. Mnzathu wina atathyoka chiuno tinamudyetsa makaroni a mu uvuni mpaka anasamukira ku Idaho. Sutiyo ndinaibweza, ndipo anandiumiriza kusokerera masiponji m'kajekete kawo koyandamitsa kuti mimba izionekabe patali.

Tinakayesa mobisa pa mtsinje wa Rogue, m'kati mwa miyala yotchinga mafunde, kumene amaphunzirira alendo ndipo wa ku Pistol aliyense sangalole kuonedwako. Anamanga lofiira mwa chizolowezi. Mphepo yake inali ija kale ankaidandaula kuti yachepa, koma thangalo linawakwatula n'kuwamenyetsa m'madzi katatu. Kachitatu asodzi a m'mabwato anawaombera m'manja.

"Lofiira lakukanani, achimwene," ndinawauza. "Thupi limeneli ndi la lachikasu."

"Ndikatuluka ndi lachikasu adziwa."

"Anthu ajawa? Anayamba akuyang'ananipo kumaso?"

Tsiku loyamba la mpoto weniweni mu Juni, a Lonnie analawirira, moti pamene magalimoto athu ankafika iwo anali kale kuseri kwa mafunde. A Kirby anakwera pa chitunda ndi magalasi awo oonera patali, n'kutsika akuthamanga.

"Lachikasu, anthu inu. Lonnie ali pa lachikasu, ndipo likumukwana bwinobwino."

Tsono a Kirby anali atangoima pamwamba pa chitunda, mphepo ikuwawomba kumaso, mphepo wamba ya tsiku labwino. Koma pakati pa nkhope yawo ndi thanga la a Lonnie anakhulupirira thanga. Enanso onse chimodzimodzi. Anayamba kufukula pansi pa magalimoto timatanga ta 3.2 tonunkha nkhungu, kena kanatuluka ndi chisa cha mbewa. Akuluakulu khumi ndi mmodzi, ena a imvi, ankamangitsa zipewa zolimba n'kumalangizana kuti lero tisamale. Ine ndinamanga langa la masiku onse kuseri kwa galimoto osanena kanthu, ndipo tchimo limenelo ndikulivomera.

Kathanga kakang'ono pa mphepo wamba sikakoka munthu. Umangoima pa thabwa, madzi ali m'mawondo, n'kumaliona funde likubwera. Nyanja inawachapa mmodzimmodzi n'kumawalavulira kumtunda. A Kirby funde linawapinda, mlongoti wawo watsopano wa thanga n'kuthyoka pawiri, ndipo anakatulukira kutali, kufupi ndi pamene mtsinje umathirira m'nyanja. Nthawi yonseyi thanga lachikasu linkangodutsa uku ndi uku. Ine sindinasekepo chotero m'madzi ozizira.

A Lonnie anatuluka pasanathe ola, pamene kale ankatha maola atatu. Anakhala pa chigobo cha mtengo m'munsi mwa chitunda, akupuma mwa befu. Apa n'kuti a Kirby akufika, akukoka zidutswa zawo, enawo ali pambuyo.

"Iwe wa zimbudzi iwe, watipusitsa dala. Mphepo ya lachikasu ili kuti? Taona mlongoti wangawu."

"Ndakuuza ndine kuti uchotse imodzi?"

"Zaka zonsezi timachotsa imodzi, aise. Usandiyankhe ngati ndabwera dzulo."

A Kirby anawagwira pa kajekete kuti awagwedeze, dzanja n'kungomira. Atakoka, zipi inatseguka, siponji imodzi inagwa ndipo mphepo inaigubuduza kulowera kumwera. A Kirby anayang'ana siponjiyo, kenako khosi la mnzawo, kenako manja. Aliyense anaona. Panalibe wofunsa kuti chavuta n'chiyani, chifukwa pa msinkhu wathuwu munthu sataya mimba yotere chifukwa chodya masamba.

Mayi wina wa gulu lathu anali atawerama kale kuti atole thabwa la a Lonnie. A Lonnie anayang'ana dzanja la mayiyo, ndipo ndinaona mantha pa nkhope yawo, amene sindinawaonepo ngakhale pa mafunde otalika ngati nyumba.

"Siyani thabwa la eni," anatero a Kirby. Mayiyo analisiya. A Kirby anamina, n'kupukutira pa mkono wa suti. "Ukulemera zingati tsopano?"

"168."

"Ine 170." A Kirby anakweza mawu. "Ndiye bwanji osanena? Zaka zonsezi ndakhala ndikuvutika ndi masamu chifukwa cha chimimba chako. Basi, kuchotsa kwatha. Limene wamanga iwe, ifenso lomwelo. Mwamva nonse?"

Anthu anang'ung'udza kuti amva.

"Ndipo mawa ufike msanga. Usatidikiritse ngati ndife opanda zochita."

"Muli ndi zochita zanji inu?" anatero a Lonnie, akutseka zipi ya kajekete kophwa kaja.

Anaimirira, n'kutenga thabwa kaye, poti zonse pamodzi sakanatha. Anakwera nalo chitunda, akupuma katatu panjira, n'kutsikanso kudzatenga thanga. Thangalo linawagwetsa kamodzi pakati pa mchenga, ndipo anakhala chogwada kwa kanthawi. Manja anga ankanyerenyetsa kufuna kuwathandiza, ndipo ndikudziwa kuti a anzanganso. Ulendo wa mphindi zisanu unawatengera theka la ola, anthu khumi ndi awiri titangoima pompo osasuntha.

A Kirby sanaonerere. Anali atatembenukira kunyanja, akutukwana mlongoti wawo mokweza, misozi ikutsikira m'ndevu.