Denga Limene Linakhomedwa Msanga

"Ndiye mwana wanuyo akuti tidikire ndani, mlamu?" anafunsa a Mclean ali pamwamba pa khoma, hamala ili m'manja. "Munthu wa ku Mzuzu? Nyanja ili chonchiyi adzabwera pa chiyani, pamsana pa ng'ona?"

Amuna amene anali nawo pamwambapo anaseka. A Enifa sanaseke. Anali chiimire pabwalo la nyumba yawo ku Yofu, kafoni ka mabatani kali kukhutu, ndipo mawu a mwana wawo Tiyanjane, namwino wa ku Mzuzu, ankadukaduka ngati ulusi wowola.

"Amayi, auzeni atsike. Asakhudze lata ngakhale limodzi. Pezani munthu wa foni yojambula, ajambule zonse mmene zagwera. A inshuwalansi salipira chinthu chimene sanachione."

A Enifa anayang'ana uku ndi uku. Chojambula chinatsala n'chiyani? Malata amene mphepo ya mpoto inawataya kuseri kwa mlambe dzulo lake masana anali atatoledwa kale, atawongoledwa pathanthwe, ndipo ambiri anali atakwera. Mitanda yothyoka amayi a pamudzi anali ataiwaza, ndiyo inkayaka pansi pa ketulo ya tiyi wa amisiri. Ngakhale pabwalo panali posesa.

"Ndamva, mwanawe," anatero, n'kudula foni. Anaimanga kunsonga ya chitenje. Kenako anakweza nkhope. "Pitirizani, alamu. Amangopereka moni."

Kumayiko kumene munthu amatha zaka osadziwa dzina la mnzake wa khomo loyandikana, denga likachoka mwini wake amayamba watulutsa foni, zowonongeka n'kuzisiya momwemo ngati mtembo wodikira apolisi. Ku Likoma si choncho. Nyumba yosasuka ndi zovuta, ndipo pa zovuta saitanira. Mwamuna aliyense amene ali ndi hamala amasiya ukonde n'kubwera, amayi amabwera ndi masache ndi mikono yawo, ndipo dzuwa silimalowa mnzawo ali pamtetete. A Mclean, mng'ono wa malemu amuna awo a Enifa, anali atasiya bwato la munthu lili pakati pokonza. Ena anachokera ku Mbungo wapansi, m'matope. Anthu oterowo ungawauze kuti tsikani, pepala la ku Mzuzu silikufuna manja anu? Pakamwa pa a Enifa sipakanatuluka mawu amenewo. Mawa lake akanayenda njira iti yopitira kutchalitchi?

A Enifa anabadwira ku Yofu komweko. Chiyambire utsikana wawo, ntchito yawo inali usipa: kuulandira kwa asodzi m'mawa, kuuyala pathandala, kuutembenuza, kupirikitsa akhwangwala, kenako kuuthira m'matumba opita kumtunda pa sitima. Zala zawo zinazolowera mamba mpaka fungo lake silinkachokanso ndi sopo. Kuseri kwa nyumba anali ndi kamunda ka chinangwa pakati pa miyala, dothi lake longokwanira kubisa muzu. Anakwatiwa ndi a Samson, msodzi wosalankhulalankhula, amene akakondwa ankangokhosomola. Ana ena anawaika m'manda ali aang'ono. Wamwamuna anapita ku Joni, anaimba foni zaka zoyamba, kenako zii. Anatsala ndi Tiyanjane.

Nyumbayo anaimanga ndi njerwa zosaotcha, pakuti pachilumba nkhuni zootchera uvuni ungazipeze kuti? Malata ankabwera pang'onopang'ono, chaka chimene usipa wagwa bwino, ndipo a Enifa ankawasenza okha kuchokera kudoko la sitima ku Mbamba, mphepo ikuwatembenuza m'njira ngati bwato la thanga. Denga litatha, a Samson anagonamo dzinja limodzi lokha. Chifuwa chinawatenga.

Kuyambira pamenepo Tiyanjane sanasiye nyimbo yake. Amayi, bwerani kuno. Mwendo wanu ukutupa, magazi anu akuthamanga, kumeneko mudzagwa nokha. A Enifa anapitako kamodzi ku Mzuzu. Anapeza chifunga, mpanda wa njerwa wokhala ndi magalasi osweka pamwamba, ndi anthu oyandikana nawo amene sankapatsana moni. Anabwerera pa sitima yotsatira. Mapeto ake anagwirizana chimodzi: adzakhala ku Yofu malinga ngati nyumba ili chilili ndipo pogona pawo ndi pouma. Tiyanjane, monga munthu wa m'tauni, anaika nyumbayo pa inshuwalansi kuti pangano lisadzagwe ndi mphepo. Atawafotokozera, a Enifa anamva ngati ndi gulu lothandizana pa maliro, lija loti zikakugwera anzako amangobwera. Sanadziwe kuti ili limayamba lafunsa umboni woti wafadi.

Nyanja itakhala pansi, sitima inabwera, ndipo uthenga unafika woti munthu wa inshuwalansi ali m'njira. A Enifa anachita zimene mayi aliyense wolongosoka wa ku Yofu amachita akamva kuti kukubwera mlendo wochokera kutali. Anazira pansi. Matilesi amene anachita nkhungu anakawasungitsa kwa a Constance, mnzawo wa khomo la kumunsi. Kabati yotupa ndi madzi anaikankhira kuchipinda chamdima. Pakhoma pamene mvula inasiya chibanga chakuda anapachikapo nsalu yoluka imene anabwereka. Anagula kampango wabwino, anavala chitenje cha pa Sabata.

Mlendoyo anali mnyamata dzina lake Davis, nkhope yake ikadali yotuwa ndi mafunde a panyanja. Anakhala pampando umene anamuikira, anasamba m'manja, anadya pang'ono chifukwa cha ulemu.

"Amayi, ndionetseni tsopano pamene panawonongeka."

"Aa, tapumani kaye, bambo. Mwayenda ulendo."

"Sitima sidikira, amayi. Chinawonongeka n'chiyani kwenikweni?"

"Pang'ono chabe. Anzathu a ku Khuyu ndiye zinawavuta, ena mpaka makoma. Ife Mulungu anatiteteza."

Davis anaika foni yake pabondo n'kuwayang'ana. Sanali munthu woipa. Anatsitsa mawu ngati akulankhula ndi mayi ake omubala.

"Ndikufunsaninso, amayi. Zimene munene inu ndi zimene ndikanene ine kuofesi. Munataya chiyani?"

A Enifa anayang'ana kampango amene anali pambale. Mlendo wadya chakudya chako, ndiye uyambe kumuwerengera mavuto ako limodzilimodzi, ngati wopempha wa pa depoti? Munthu wapulumuka lata likuuluka pamutu pake, n'kumadandaulanso za matilesi? Kumeneko n'kuputa Mulungu.

"Tili moyo, mwananga," anatero. "Zinazo n'zapadziko."

Davis anapumira m'mwamba, n'kudzuka. Anajambula pansi pozira bwino. Anajambula khoma la nsalu yoluka. Panja anapeza a Mclean atabwera ndi makwerero, atavala jekete, akufuna kuti ntchito yawo ionedwe ndi munthu wa m'tauni.

"Takwerani muone, achimwene. Taonani mzere wake! Ndani angadziwe kuti denga ili linachokapo?"

"N'zimene zikundidetsa nkhawa, bambo," anayankha Davis ali pamakwerero.

"Mwati?"

"Palibe amene anajambula tsiku limenelo? Ngakhale mmodzi?"

A Mclean anaseka mpaka kutsokomola. "Kujambula? Mnzako zamugwera, iwe n'kuimirira pambali ndi foni? Kwanu mumatero?"

Davis anajambula mabowo akale a misomali ndi dzimbiri la m'mphepete mwa malata, anathokoza chifukwa cha nsomba, n'kuthamangira sitima.

Yankho linabwera kudzera kwa Tiyanjane. Kampani inati dengalo linakonzedwa woyendera asanalione, umboni wa mphepo palibe, mabowo amene alipo ndi a ukalamba wa malata, ndipo mwini nyumba ananena yekha kuti panalibe chachikulu.

"Munawauza choncho, amayi? Pang'ono chabe?"

"Nanga ndikanatani? Munthu anali mlendo."

"Sanali mlendo! Anabwera kudzaona mavuto anu, ndiyo ntchito yake, inu n'kuwabisa kwa a Constance!" Mawu a Tiyanjane anasweka. Kenako anangoti, "Ndinakuuzani kuti atsike."

"Unandiuza."

Mvula ya chaka chimenecho sinachite chisoni. Lata likapindika n'kuwongoledwa ndi hamala limaoneka bwino ukaima pansi, koma m'mapindo mwake mumakhala ming'alu yopyapyala ngati tsitsi. Ndipo lata lokhomedwa kachiwiri lili ndi mabowo awiri pamene panali limodzi. Poyamba kunali kudontha kwa apa ndi apo. A Enifa anatchera mabeseni, mapoto, ndowa yosambira, mpaka chitini cha mafuta. Bedi analisuntha kangapo kufunafuna pouma. Koma madzi ambiri sankagwera m'mabeseni. Ankatsetsereka ndi mtanda n'kukalowa pamutu pa khoma la kumpoto, mwakachetechete, ndipo njerwa zosaotcha zikamwa madzi zimafewa ngati buledi m'tiyi. Mng'alu unayamba pakona, pafupi ndi windo la kuchipinda. Sabata iliyonse unkatsika.

A Mclean ankabwera pafupipafupi, osaitanidwa. Ankamata mabowo ndi phula, phula n'kumatuka ndi dzuwa. Nthabwala zawo zinatha. Tsiku lina masana anapeza a Enifa pathandala akutembenuza usipa umene unkakana kuuma, ndipo anaima pambali pawo osapereka n'komwe moni.

"Mlamu, ndaganiza. Pepala la inshuwalansi lija likadali ndi mphamvu?"

"Akuti likadali."

"Mpoto sunathe. Ubweranso, mukuona nokha mitamboyo. Ine ndingokwera, ndizuleko misomali ya mbali ya kumpoto, ndisiye yongogwiriza. Mphepo imalize yokha. Ulendo uno palibe wogwira lata, ndiimapo ndekha ndi chibonga. Tijambula mpaka foni itatentha. Mulandira malata atsopano."

A Enifa sanasiye kutembenuza usipa.

"Ndi denga la achimwene anga," anapitiriza a Mclean. "Ndine ndinaliwononga ndi changu changa. Ndiloleni ndikonze."

"Simunawononge kanthu, alamu. Munabwera pa zovuta."

"Ndiye mukuvomera?"

"Lata lija linagwera kuseri kwa mlambe linadula mbuzi ya a Constance pakhosi. Munaiona. Mphepo sitiuza tsiku, sitiuzanso kumene ikataye. Kumunsiku kumasewera zidzukulu zawo."

"Tingawachenjeze."

"Tikawauza kuti chiyani? Kuti a Enifa atchera msampha padenga, ana asamatuluke? Yofu yonse idziwe, ine n'kukagwada kuguwa pa Sabata, kutambasula manja omwewa?" Anapukusa mutu. "Misomali isiyeni mmene ilili."

A Mclean anakhala pamwala, chipewa chili m'manja. Pochoka anangoti, "Mwaumitsa mutu ngati malemu," koma mawu ake analibe ukali.

Mpoto unabweradi. Denga limene a Mclean anakhoma linagwira, silinasunthe ngakhale pang'ono. Chimene chinagonja ndi khoma. Linagwa m'mawa wina a Enifa ali kugombe kulandira usipa, kona yonse ya kuchipinda, n'kukwirira bedi. Atafika anapeza amuna atayamba kale kusonkhana ndi mafosholo. Ulendo uno mphunzitsi wina wochokera kumtunda anajambula ndi foni yake. Tiyanjane anatumiza zithunzizo, ndipo kampani inayankha kuti khoma lagwa chifukwa cha kudontha kwa nthawi yaitali kumene mwini nyumba sanakonze, osati mphepo.

A Enifa anagona kwa a Constance masiku angapo, pamphasa, pakati pa zidzukulu za eni ake. Amuna anati adzaumba njerwa mvula ikatha, koma aliyense ankadziwa kuti khoma latsopano pansi pa malata omwewo lidzamwanso madzi omwewo. Pangano linali pangano. Tiyanjane sanalitchule n'komwe. Anali a Enifa amene anaimba foni.

"Konza pogona. Ndibwera."

"Amayi..."

"Usalire, ukundithera mayunitsi."

Thandala analisiyira a Constance. Chinangwa anauza a Mclean kuti azidzakumba chikakhwima, chisaolere pansi. Kenako anayenda wapansi mpaka ku Mbamba kukafunsa tsiku la sitima, mwendo ukukoka, akupuma pamthunzi uliwonse. Atamva tsikulo, sanabwerere nthawi yomweyo. Analowa m'kagolosale kena, anayang'ana m'mashelefu mwa sopo ndi machesi, n'kuloza kanthu kolendewera pamsomali.

"Loko, amayi?" anadabwa wogulitsa. "Ku Yofu kwayamba akuba?"

"Ayi."

"Nanga mukufuna kutsekera ndani?"

"Ndipatseni kakang'onoko."

Wogulitsayo anakayesa pamaso pawo, kanatseka, kanatseguka. A Enifa anali asanatsekepo nyumba yawo ndi loko chibadwire, ndipo ankadziwa bwino kuti kuchipinda kuli chibowo choti mbuzi ingalowe osawerama. Anakamanga kunsonga ya chitenje pamodzi ndi makiyi ake, n'kuyamba kukwera njira ya ku Yofu, kalokoko kakuwamenya pantchafu.